Kutemera nkhuku chitopa chisanalowe m'mudzi, ndi zina zofunika kudziwa pa katemera wa ziweto

Kuno ku Thyolo ndi kwa anzathu ku Mulanje malo ndi ochepa, ndipo si banja lililonse lingathe kuweta ng'ombe. Koma nkhuku zili pafupifupi pakhomo lililonse. Nkhuku ndiyo imagula makope a mwana, ndiyo imalipira kabaza wina akadwala usiku, ndiyonso timaphera mlendo. Ndiye chitopa chikalowa m'mudzi nthawi yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, chimene chatha si ndiwo yokha ayi, ndi chuma cha banja. Mumaona nkhuku yazolika, mapiko ali lende, ikutsekula zobiriwira, ikupuma movutikira, ina khosi lapindika. Sabata isanathe khola lili mbee.

Chitopa chilibe mankhwala. Chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, kamene makapisozi sangakaphe, ngakhale tsabola kapena phulusa limene timathira m'madzi. Nkhuku imene yachira itamwa zimenezi yachira ndi mphamvu za thupi lake. Chimene chimateteza ndi katemera, ndipo katemera amagwira ntchito pokhapokha ataperekedwa pa nthawi yake, ali wamoyo, kwa nkhuku yomwe sinadwale.

Yambani mwamvetsa chimene katemera amachita

M'thupi la chiweto chilichonse muli asilikali olimbana ndi matenda. Vuto lawo ndi loti akakumana ndi kachilombo kachilendo amatenga masiku kuti akazindikire ndi kukonza zida zokaphera, pamene chitopa sichidikira. Katemera ndi kachilombo komweko koma kofooketsedwa, kapena kophedwa, kapenanso kachibale kake kofatsa kamene sikadwalitsa. Thupi likalandira katemera limaphunzira maonekedwe a mdaniyo popanda ngozi, limakonza zida, n'kupitiriza kumukumbukira. Kachilombo kenikeni kakadzafika kamapeza zonse zili chile.

Nzeru imeneyi inatsimikizika pa nkhuku zomwezi. Cha m'ma 1879 Louis Pasteur wa ku France anapeza kuti tizilombo ta kolera ya nkhuku tikakhalitsa timafooka, ndipo nkhuku zobayidwa tizilombo tofookato sizifa zikadzakumana ndi tamphamvu. Ndipo mliri wa ng'ombe wa rinderpest, umene unapululutsa ng'ombe kum'mwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1890, unalengezedwa mu 2011 kuti watheratu pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha katemera. Choncho si zoyesera izi.

Pali zinthu zimene zimatuluka m'kagwiridwe ka ntchito kameneka, ndipo alimi ambiri amakhumudwa ndi katemera chifukwa palibe anawauza. Chitetezo sichibwera tsiku lomwelo, chimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Katemera ali ngati kufolera nyumba: umafolera mvula isanabwere. Komanso katemera aliyense ali ndi matenda ake. Wa chitopa sateteza ku nthomba, ku Gumboro (matenda ena a vayirasi ogwira anapiye), ku njoka za m'mimba kapena ku chitosi cha magazi. Chomaliza, chitetezo chimachepa pakapita nthawi, n'chifukwa chake timabwereza.

Dziwaninso kuti akatemera ambiri a nkhuku ndi amoyo. Chinthu chamoyo chimafa ndi dzuwa, kutentha, sopo ndi mankhwala oyeretsera madzi. Katemera wakufa ndi kutentha amaoneka chimodzimodzi ndi wabwino, sasintha mtundu kapena fungo, kotero chitetezo chanu chokha ndi kusamala momwe wayendera kuchokera m'furiji mpaka m'diso la nkhuku.

Sankhani mwezi, ndipo musatemere nokha

Kwa nkhuku zachikuda ndi za Mikolongwe zoyenda pabwalo, katemera woyenera ndi wa I-2. Anachokera ku yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti amapirirako kutentha kuposa akatemera ena a chitopa, ndipo safuna jakisoni: ndi dontho limodzi m'diso. Amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo miyezi yozolowereka ndi Malichi, Julayi ndi Novembala.

Mwa itatuyi, ine ndimati wa Julayi musamuphonye zivute zitani. Nthawi imeneyo kuli chiperoni, nkhuku zili bwinobwino, ndipo anthu saona chifukwa chowonongera ndalama. Koma ndiye katemera amene amaoloketsa nkhuku miyezi yoopsa ya Sepitembala ndi Okutobala. Wa Novembala amathandiza pa nyengo ya Khirisimasi, pamene nkhuku zimayenda kwambiri pa njinga kupita ndi kuchokera m'misika ngati ya Bvumbwe, Luchenza ndi Limbuli, ndi m'manja mwa achibale opatsana mphatso.

Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa. Komanso nkhuku za m'mudzi zimadyera pamodzi, kumwera pamodzi. Choncho kambiranani ndi amfumu, lengezani kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki m'khonde, lembani maina a mabanja ndi chiwerengero cha nkhuku zawo kuphatikizapo anapiye, ndipo gwirizanani mtengo wa dontho limodzi tsiku lisanafike. M'midzi yambiri muli anthu ophunzitsidwa kutemera nkhuku. Ngati kwanu kulibe, pitani kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kaya ndi ku Matapwata, Dwale, Masambanjati, Khonjeni, Thekerani, kapena ku Thuchila, Milonde ndi Msikawanjala kwa a ku Mulanje. Iwo ndiwo angakuuzeni kumene katemera akupezeka mwezi umenewo.

Musanapite kukagula, funsani m'mudzi ngati nkhuku zayamba kale kufa. Ngati zayamba, musathamangire kutemera, kaonaneni kaye ndi alangizi. Kachilombo kamatha kukhala m'nkhuku masiku angapo, kawirikawiri asanu kapena asanu ndi limodzi, nkhukuyo ikuoneka yathanzi. Mukaitemera nthawi imeneyo idzafabe, ndipo mudzi wonse udzati katemera ndiye wapha nkhuku. Mbiri yotere ikamveka, kuwabweza anthu kumatenga zaka.

Kugula ndi kunyamula

Gulani kwa alangizi kapena m'sitolo ya mankhwala a ziweto imene mwaona ndi maso anu kuti katemera akutuluka m'furiji yogwira ntchito. Katemera woyalidwa pa benchi mumsika musagule, ngakhale atatsika mtengo bwanji. Werengani tsiku lothera mphamvu lolembedwa pa botolo, ndipo onani ngati chotsekera chake sichinatsegulidwepo.

M'furiji katemera amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndiye kuti m'chipinda chachikulu chija, osati mouma madzi. Magetsi akazima musamatsegule furiji pafupipafupi.

Panjira, ngati muli ndi kabokosi kozizira, gwiritsani ntchito. Ngati mulibe, tengani nsalu ya thonje yoyera, monga chidutswa cha chitenje chakale, inyowetseni, kulungani botolo, ndi kuliika m'kadengu kolukidwa motalikirana kuti mphepo izidutsa. Madzi akamauma pansaluyo amachotsa kutentha m'botolo, ndiye nsalu ikayamba kuuma inyowetseninso. Musaike botolo m'thumba la malaya kapena la buluku momwe limatenthedwa ndi thupi lanu, musalitsekere m'jumbo, ndipo dzuwa lisaliwombe ngakhale pang'ono. Funsani wogulitsa kuti katemerayo angakhale masiku angati kunja kwa furiji, ndipo tsatirani zolembedwa pa pepala lake. Langizo langa ndi loti botolo likatsegulidwa lithe tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Tsiku lotemera

Ntchito imayamba madzulo a dzulo lake. Banja lililonse litsekere nkhuku zake m'khola kapena m'khitchini, ndipo zisatulutsidwe m'mawa mpaka wotemera atafika. Zogona m'mitengo zigwidwe usiku n'kuvindikiridwa ndi dengu. Izi musazipeputse, pakuti kuthamangitsa nkhuku m'minda ya chimanga ndi m'nthochi kumadya nthawi, dzuwa n'kukwera katemera ali panjira.

Yambani m'mamawa, ndipo gwirani ntchito pamthunzi. Pakhomo lililonse funsani kaye ngati pali nkhuku yodwala kapena imene yafa masiku apitawa. Ngati ilipo, musalowe m'khola ndipo musagwire nkhuku za pamenepo, chifukwa kachilombo kamayenda pa manja, pa nsapato ndi pa zovala, ndipo wotemera yemweyo angathe kufalitsa chitopa mudzi wonse.

Pamafunika anthu awiri. Mwini nkhuku ndiye azigwira, kuti wotemera asamakhudze nkhuku za makomo osiyanasiyana. Wogwira agwire miyendo ndi mapiko ndi dzanja limodzi, agoneke nkhuku cham'mbali, ndipo ndi dzanja linalo agwire mutu mofatsa kuti diso limodzi liyang'ane kumwamba. Wotemera atembenuze botolo kuti liime chilili, kamwa lake likuloza pansi. Botolo likapendekeka dontho limatuluka losakwanira muyezo wake. Finyani pang'ono kuti dontho limodzi ligwere m'diso, koma nsonga ya botolo isakhudze diso.

Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Dontho likagwa, musaitaye nkhuku nthawi yomweyo. Dikirani iphethire, dontholo lilowe, ndipo kawirikawiri mudzaiona ikumeza, chifukwa madzi a m'diso amatsikira kummero kudzera m'kanjira ka kumphuno. Kuseri kwa diso la nkhuku kuli kachiwalo kamene kamathandiza kwambiri kupanga chitetezo, n'chifukwa chake njira ya m'diso imaposa yothira katemera m'madzi akumwa. Ngati nkhuku yapukusa mutu dontho n'kugwera pambali, donthezaninso. Madontho awiri sangaipweteke, koma theka la dontho silingaiteteze mokwanira.

Muyezo ndi umodzi kwa zonse: tambala wamkulu, thadzi lofungatira, msoti, ngakhale mwanapiye woswedwa dzulo, aliyense dontho limodzi m'diso limodzi. Amayi ambiri amabisa anapiye poopa kuti ndi ofooka. Chonde atulutseni, iwo ndiwo amayamba kufa chitopa chikabwera. Nkhanga nazo zitemeredwe. Yotemeredwa itulutseni panja kuti isasakanikirane ndi zotsala.

Mukamaliza khomo limodzi, bwezerani botolo m'nsalu yake yonyowa musanayambe kuyenda. Lembani m'kope dzina la banja, tsiku, chiwerengero cha nkhuku, ndi nambala ya gulu la katemera yolembedwa pa botolo. Kope limeneli ndilo lidzakuthandizani inu ndi alangizi ngati padzakhale dandaulo. Pomaliza sambani m'manja ndi sopo, ndipo musadzigwire m'maso musanasambe, chifukwa kachilombo ka chitopa kamatha kufiiritsa maso a munthu kwa masiku ochepa. Nyama ndi mazira a nkhuku yotemeredwa ndi I-2 mukhoza kudya popanda kudikira. Botolo lotha likwirireni kapena kulitentha, ana asaseweretse.

Masabata otsatira

Kwa masabata awiri oyamba nkhuku zanu zikadali pangozi, choncho musabweretse nkhuku yachilendo. Ndipo nthawi ina iliyonse, nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi achibale ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Abakha amatha kusunga kachilombo ka chitopa iwo osadwala, ndiye ndi bwino azigona kwina. Nkhuku yofa ndi matenda ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe, pamodzi ndi nthenga ndi matumbo ake. Ndikudziwa kuti ndiwo zimasowa ndipo kutaya nkhuku kumawawa, koma nthenga ndi matumbo otayidwa kudzala ndizo zimene agalu ndi nkhuku zina zimafalitsa. Ndipo kugulitsa nkhuku mwamsangamsanga chifukwa zayamba kufa ndiko kutumiza chitopa kumudzi wa anzanu.

Nanga zikafa mutatemera? Musafulumire kutsutsa katemera. Yang'anani kaye zimene zafa. Ngati ndi anapiye oswedwa katemera atadutsa kale, kapena nkhuku zimene zinathawa tsiku lija, yankho mwalipeza. Ngati papita miyezi yoposa inayi, chitetezo chinali chitachepa. Ngati zafa m'sabata yoyamba, mwina zinali zitatenga kale kachilombo. Nkhuku yowonda, yodzaza utitiri ndi njoka za m'mimba, nayonso sipanga chitetezo champhamvu. Ndipo akhoza kukhala matenda ena. Nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, dziwitsani alangizi tsiku lomwelo, pakuti chimfine cha mbalame chimafanana ndi chitopa ndipo ndi ku labotale kokha kumene angasiyanitse.

Nthomba ya nkhuku, ija imatulutsa tizilonda ta nkhanambo kumaso ndi pamutu, imafala ndi udzudzu ndipo ili ndi katemera wake. Amabaya pa kachikopa kopyapyala ka phiko ndi singano ya nsonga ziwiri. Pakatha masiku 7 mpaka 10 yang'anani pobayidwapo: kachotupa kakang'ono ndi chizindikiro chakuti katemera wagwira.

Kwa oweta nkhuku za chizungu

Ngati muli ndi mabuloyila kapena nkhuku za mazira mazanamazana, funsani ndondomeko ya katemera kumene mwagula anapiye, ndipo itsatireni tsiku ndi tsiku. Masikuwo sanangosankhidwa. Mwanapiye amabadwa ndi chitetezo chochokera kwa make kudzera m'dzira, ndipo katemera wa Gumboro akaperekedwa msanga kwambiri chitetezo chimenechi chimamupha asanagwire ntchito, pamene akachedwa matenda amayamba kufika.

Akatemera monga LaSota, amenenso ndi wa chitopa, ndi wa Gumboro sapirira kutentha ngati I-2, ayenera kuyenda m'kabokosi kozizira basi. Powapereka m'madzi akumwa, chotsani madzi m'khola kwa ola limodzi kapena awiri m'mawa kuti nkhuku zimve ludzu. Tsukani zomwera ndi madzi okha, popanda sopo. Gwiritsani ntchito madzi ozizira opanda chlorine, monga a pamjigo, m'chiwiya cha pulasitiki osati chachitsulo. Kuthiramo magalamu 2 a mkaka wa ufa wopanda mafuta pa lita imodzi kumathandiza kuteteza katemera. Tsegulirani kabotolo m'kati mwa madziwo, takasani, gawani m'zomwera zokwanira kuti nkhuku zonse zimwe nthawi imodzi, ndipo madziwo athe pasanathe maola awiri.

Ng'ombe, agalu ndi nkhumba

Alimi a ng'ombe za mkaka, amene ndi ambiri cha ku Bvumbwe ndi madera ozungulira, ntchito yobaya katemera isiyireni alangizi, koma kukumbukira nthawi ndi udindo wanu. Konzani kudzera m'gulu lanu losonkhanitsa mkaka kuti botolo limodzi ligawidwe. Matenda otupitsa khungu a lumpy skin amafala ndi ntchentche zoluma ndi udzudzu, choncho katemera wake aperekedwe chaka chilichonse mvula isanayambe. Wa anthrax ndi blackquarter, matenda opha ng'ombe mwadzidzidzi, nayenso ndi wa chaka ndi chaka kumene alangizi awona kuti akufunika. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, magazi akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo, musaisende ndipo musadye, itanani alangizi, chifukwa anthrax amaphanso anthu. Katemera wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayendetsedwa ndi boma, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo popeza tayandikana nawo, chiletso choyendetsa ziweto chikalengezedwa tichimvere. Katemera wa East Coast fever, matenda a ng'ombe ofala ndi nkhupakupa, amapangidwa ku Lilongwe, amasungidwa mozizira kwambiri ndipo amaperekedwa ndi akatswiri pamodzi ndi mankhwala ena, koma ngakhale ng'ombe italandira, kupopera mankhwala a nkhupakupa kupitirire, pakuti nkhupakupa zimanyamulanso matenda ena.

Chitetezo choyamba cha mwana wa ng'ombe sichichokera m'botolo. Chili mu mkaka woyamba wachikasu uja. Mwana wa ng'ombe amabadwa wopanda chitetezo, ndipo matumbo ake amatha kulandira chitetezo cha mumkakamo m'maola oyamba okha. Ayamwe mokwanira pasanathe maola 6 atabadwa, pakuti pakatha tsiku limodzi njirayo imakhala itatsekeka.

Za agalu ndilankhule mwamphamvu, chifukwa apa tikunena za moyo wa ana athu. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, sichichizika. Pafupifupi anthu onse amene amadwala chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amasiya kufala. Tengerani galu ndi mphaka wanu kukabayitsa chaka chilichonse pamene alangizi alengeza, nthawi zambiri pafupi ndi pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira chiwewe pa dziko lonse. Tengani ndi tiana tomwe, ndipo sungani kapepala kamene akupatsani. Katemerayu safoola galu wa ulenje ndipo sachepetsa ukali wolondera pakhomo. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala litachepa bwanji.

Nkhumba ndizo zili pamavuto ena. Chigodola cha nkhumba chilibe katemera amene mungagule kuno kwathu, ndiponso chilibe mankhwala. Wina akabwera ndi botolo n'kumati ndi katemera wa chigodola, musamupatse ndalama ndipo musamulole kulowa m'khola, chifukwa singano ndi nsapato zake zingakhale zachokera ku khola lodwala. Nkhumba zikhale m'khola nthawi zonse, ogula aziima kunja, ndipo musazipatse zotsala za nyama ya nkhumba kapena madzi otsukira nyamayo, pakuti kachilomboka kamakhala m'nyama kwa miyezi. Ikani beseni la mankhwala ophera tizilombo pakhomo la khola, khalani ndi nsapato zolowera m'kholamo zokha, ndipo mukabwereka nkhumba yaimuna yokwera, tsimikizani kaye kuti kumene ikuchokera sikunafe nkhumba posachedwapa.